Ndamaliza digiri ya 'kusewera ndi ana', nazi zomwe ndatola

M'dziko muno tili ndi kagawidwe kachilendo ka ulemu kwa aphunzitsi. Wa ku yunivesite timamuvulira chipewa. Wa ku sekondale timamupatsa mpando. Wa ku pulayimale timamupatsa moni wa m'njira. Koma uja amaswera ndi ana a zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, kuwapukuta mamina ndi kuwaphunzitsa kudikira pamzere wa phala, ambiri sitimuwerengera n'komwe kuti ndi mphunzitsi.

Mwana akamachepa msinkhu, ulemu ndi malipiro a womuphunzitsa zimachepanso.

Ndangomaliza kumene digiri yachiwiri, ija ambiri amati masters, pa maphunziro a mmera mpoyamba. Zinali zaka ziwiri ndi miyezi ingapo za kuwerenga usiku, bando yothera pakati pa kalasi ya pa intaneti, magetsi ozimazima, ndi ngongole ya fizi yomwe mpaka pano ikundiyang'ana. Chachikulu chomwe ndatola n'chakuti kagawidwe kathu ka ulemu kaja n'kozondoka. Ntchito yolemera kwambiri pa maphunziro a munthu imagwiridwa iye asanaponde mu Sitandade 1, ndipo ntchito imeneyi tidaisiya m'manja mwa anthu amene sitiwalipira.

Funso la amalume

Nditalengeza kwathu kuti ndikubwerera kusukulu, amalume adandiyang'ana kaye asanalankhule. "Mwanawe, ndalama zonsezi kukaphunzira kusewera ndi ana? Mesa zimenezo ngakhale agogo ako amatha?"

Anzanga nawo sadandisiye. Wina adati bwanji osachita za bizinesi kapena za makompyuta, zomwe zili ndi dola. Wina adangoseka, amvekere: "Ndiye ukamaliza tizidzati dokotala wa phada eti?"

Amalume adanena zoona pa chinthu chimodzi: agogo amathadi. Nthano za madzulo, ndagi, nyimbo zogonetsera mwana kumsana, zonsezi ndi maphunziro enieni. Vuto n'lakuti masiku ano ana ambiri sakukulira pafupi ndi agogo, makolo ali kalikiliki kusaka ndalama, ndipo sitidapeze chenicheni cholowa m'malo mwa bwalo lija.

Chomwe chidandikankhira kusukulu ndi kalasi yanga. Ndidaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, zitseko zidatsekukira mwana aliyense, zomwe ndi zabwino, koma makalasi adadzaza mpaka pakhomo. Ine ndinkakhala ndi ana oposa 100 atakhala pansi, mawondo kugundana.

Sabata yoyamba yomweyo ndinkaona kusiyana. Ena ankatha kumvetsera nthano mpaka kumapeto, kufunsa funso, kugawana choko ndi mnzawo. Ena ankangoti duu, ukawafunsa dzina n'kuyang'ana pansi. Pofika teremu yachiwiri ndinkadziwiratu amene abwereze kalasi. Onsewo anali a zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo pang'ono, onse atangoyamba kumene. Ndiye kusiyanaku kudayambira kuti?

Zomwe mabuku adandiyankha

Yankho loyamba lili muubongo. Akatswiri a ku Harvard University amati m'zaka zoyambirira za moyo, ubongo wa mwana umapanga malumikizano atsopano oposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse. Malumikizano amene akugwiritsidwa ntchito amalimba, osagwiritsidwa ntchito amafota. Chomwe chimawalimbitsa kwambiri ndi kuyankhana pakati pa mwana ndi wamkulu, ngati kuponyerana mpira. Khanda likati "aguu", mayi n'kuliyang'ana, kumwetulira ndi kuyankha, khandalo limaponyanso. Masewera ooneka achibwanawa ndiwo amamanga chilankhulo, chidwi ndi kudzidalira.

Yankho lachiwiri lili m'mbale. Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi nthawi imene kusowa kwa chakudya choyenera kumasiya chipsera chovuta kufufuta. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kupinimbira sikuthera pa msinkhu, kumakhudzanso kakulidwe ka ubongo. Ena mwa ana anga oti duu aja adabwera ndi katundu ameneyu kuchokera kunyumba.

Nkhani yomwe idandipatsa chiyembekezo ndi ya ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston, akatswiri otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor adatsatira ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka. Ena mwa anawo ankayenderedwa pakhomo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo, omwe ankaonetsa amayi kasewereredwe ndi kachezedwe ndi ana pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka pafupifupi 20, ana oyenderedwa aja, atakula, ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sadayenderedwe. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Science.

Taganizani: palibe kompyuta, palibe nyumba yosanja. Ola limodzi pa sabata, mayi, mwana ndi chidole cha pulasitiki wotayidwa. N'chifukwa chake James Heckman, katswiri wa zachuma yemwe adalandira mphotho ya Nobel mu 2000, wakhala akunena kuti ndalama yoikidwa pa mwana wamng'ono imabweza phindu lalikulu kuposa yoikidwa mochedwa.

Kwathu kuno nako kafukufuku alipo. Wina adachitika m'sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2018. Kumene alezi okha adaphunzitsidwa, kaphunzitsidwe kadasintha koma anawo sadapose anzawo moonekera. Kumene adaphunzitsa alezi pamodzi ndi makolo, ana adachita bwino pa chilankhulo ndi pa kukhala ndi anzawo patatha miyezi 18. Koma patatha zaka zitatu, kusiyana kuja kudazilala.

Nditawerenga zimenezi ndidatolapo ziwiri. Mlezi payekha sangakwanitse ngati kunyumba kuli zii. Komanso maphunziro a kamodzi n'kuchoka sakhalitsa, makamaka ngati mwanayo akukagwera m'kalasi ya anthu 100 ngati yanga ija.

Mabuku ambiri omwe tinkawerenga amakamba za ana a kutali: Jean Piaget ndi ana a ku Geneva, Lev Vygotsky ku Russia, Maria Montessori ku Italy. Chosangalatsa n'chakuti Montessori adatsekula sukulu yake yoyamba mu 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Lero dzina lake timaliona pa zikwangwani za sukulu zomwe fizi yake ingathe kumanga nyumba ya malata kumudzi. Mtima udandikhala pansi nditakumana ndi chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chomwe chidapangidwa konkuno ndi kusindikizidwa mu 2010, ndipo tsopano chikugwiritsidwa ntchito m'maiko enanso. Chimayeza mwana ndi zinthu zimene mwana wa kuno amazidziwa.

Zomwe alezi adandiphunzitsa

Kuti ndimalize digiri ndidayenera kukhala masabata angapo m'sukulu za mkombaphala m'boma lina la m'chigawo chapakati, kuonerera ndi kulemba. Sukulu zoterezi zidafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idasiya ana ambiri amasiye ndipo midzi idayamba kudzikonzera malo osamalirapo ana. Mpaka lero ndi za anthu eni ake. Zina zili m'tchalitchi, zina m'chisakasa chaudzu, zina pansi pa mtengo wa mango. Makolo amasonkha ufa ndi nkhuni, komiti imalima munda, amayi amasinthana kuphika phala.

Alezi ambiri ndi ongodzipereka. Amene adachita mwayi adalandirako maphunziro a masabata awiri, ena sadalandire n'komwe. Miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha ana amasiya kubwera, ndipo mlezi naye amapita kuganyu poti pakhomo pake mpofunika chakudya.

Komatu ntchito yomwe ndidaona kumeneko si yamasewera. Mayi wina, yemwe sukulu adalekezera Fomu 2, ankaphunzitsa kuwerengera ndi zitsononkho ndi zitsekerero za mabotolo. Ana ankaumba ng'ombe zadongo, kenaka iye n'kufunsa kuti yaikulu ndi iti, ili ndi miyendo ingati, tikachotsa imodzi m'khola zitsala zingati. Mwana akalira ankagwada kuti maso awo alingane, n'kumufunsa chomwe chavuta. Zinthu zomwe ine ndidaziloweza ndi mayina ataliatali a Chingerezi, iye ankazichita tsiku ndi tsiku osadziwa kuti zili ndi mayina.

Tsiku lina tikutsuka makapu a phala adandiuza kuti: "Asisi, inu mukamaliza sukulu yanuyo mukakhala mu ofesi ya mphepo yozizira. Ife tizingokhala pompano. Ndiye zomwe mukulembazo zidzatipeza bwanji?"

Funso limeneli silidabwere pa mayeso alionse, koma ndi lovuta kuposa onse omwe ndidalemba.

M'tauni nako kuli zake

Wina angaganize kuti vutoli ndi la kumudzi kokha. Ayi ndithu. M'matauni mwathu nazale zaphuka ngati bowa, ena atsekula m'galaja, ena pabalaza. Zilipo zabwino kwambiri. Koma zambiri zikugulitsa chomwe ife makolo tikufuna kugula: mwana wa zaka zitatu wolankhula Chingerezi, wobwera ndi homuweki, wolemba mayeso n'kupatsidwa nambala, kenaka kuvala gauni pa mwambo wotsanzikana.

Timamujambula akulakatula manambala kuyambira 1 mpaka 100, n'kuponya pa status ya WhatsApp kapena pa TikTok, anzathu n'kuika timitima. Koma tayesani kumuuza mwana yemweyo kuti akupatseni mango asanu m'dengu. Ambiri amangotapa. Waloweza mawu ngati nyimbo, koma sadagwire tanthauzo la nambala. Tanthauzolo limabwera pogwira, kusanja, kuthira mchenga m'chitini ndi kukhuthula. Pa msinkhu umenewu, kusewera ndiyo ntchito ya mwana.

Nkhani ya chilankhulo ndi yowawitsa mutu. Ndikumvetsa chifukwa chake timalimbikira Chingerezi: mayeso a dziko ali m'Chingerezi, mafunso a ntchito ali m'Chingerezi. Palibe kholo lofuna kuti mwana wake atsalire. Koma mwana amaphunzira kuganiza m'chilankhulo chimene amachimva bwino, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Amene angathe kusimba nthano yonse m'chilankhulo cha kwawo, kufotokoza chomwe chidayamba ndi chomwe chidatsatira, amakhala ndi maziko oti Chingerezi chikhalepo. Kumuletsa kulankhula Chichewa kuti Chingerezi chilowe msanga kuli ngati kugwetsa maziko kuti denga lifulumire. Ziwirizi zimatha kukula limodzi bwinobwino.

Ndiye pali foni, yomwe mwaigwira panoyi. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo akuti khanda losakwana chaka lisamaonere foni kapena TV, wa chaka chimodzi nayenso ndi bwino asamaonere, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi pa tsiku. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: katuni siyankha. Mwana akaloza galu pa sikirini n'kunena kanthu, palibe womubwezera mpira uja.

Ndikudziwa kuti mayi wotopa, yemwe waswera pamsika ndipo nsima ili pamoto, foni imamupulumutsa. Sindikuweruza munthu. Koma pali mbali ina yomwe sitiikamba: foni ya wamkulu. Mwana amatha kukoka chitenje kasanu, ife maso ali pa Facebook, kuseka nkhani za anthu osawadziwa. Akakoka kambirimbiri osayankhidwa, amasiya.

Digiri imakukweza kutali ndi ana

Tsopano ndibwere pa vuto langa. Masiku ano ndimakhalira kuyang'ana malonda a ntchito. Zomwe zikufuna digiri ngati yanga pafupifupi zonse ndi za mu ofesi: kulemba malipoti, kukonza misonkhano m'mahotela a kunyanja, kuwerengera ana pa kompyuta. Ntchito zimenezi n'zofunika, ndipo ngongole ija sidikira. Koma ntchito yoti munthu wophunzira akhale pamphasa ndi ana tsiku lonse n'kumalandira malipiro okwanira kulipira lendi, kunja kwa sukulu zodula za m'tauni, ndi yosowa ngati mano a nkhuku.

Ndiye zimatere: ukamaphunzira kwambiri za ana aang'ono, umatalikirana nawo kwambiri. Amene atsala nawo ndi omwe adalandira maphunziro ochepa ndi malipiro ochepa. M'chipatala sitingalole kuti dokotala aliyense wodziwa athawe odwala, koma pa ana tidazolowera.

Ndondomeko zokha tili nazo. Boma lidatulutsa ndondomeko yoyamba ya mmera mpoyamba mu 2003. Dziko lino lidavomereza nawo zolinga za chitukuko za United Nations, zomwe zikuti pofika 2030 mwana aliyense akhale ndi mwayi wa chisamaliro ndi maphunziro abwino asanayambe pulayimale. Mu 2018 World Bank idavomereza ndalama zothandizira ntchito za zaka zoyambirira za ana m'dziko muno. M'zaka zaposachedwa alezi ena adayamba kulandirako kangachepe, koma ambiri akugwirabe ntchito yaulere. Chaka cha 2030 chili pakhomo.

Maganizo anga ndi awa. Mlezi alandire malipiro a mwezi ndi mwezi okhazikika, pakuti munthu wanjala sangalere ana a eni. Pakhale makwerero oti mlezi wa Fomu 2 uja aziphunzira pang'onopang'ono mpaka kupeza satifiketi ndi dipuloma akugwirabe ntchito. Aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 aziphunzitsidwa kulandira ana ang'onoang'ono, ndipo makalasi amenewa apatsidwe aphunzitsi aluso kwambiri. Aphungu ndi makhansala akabwera kudzapempha voti, tiziwafunsanso za sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu monga momwe timafunsira za mlatho ndi mjigo.

Mbali yanga ndi yanu

Ine ntchito ya mu ofesi ikapezeka ndiitenga, sindinamizira. Koma ndadziikira lamulo. Loweruka lililonse lachiwiri ndizikumana ndi alezi a m'dera lathu, tizipanga limodzi zoseweretsa ndi kukambirana zomwe zikuwavuta. Buku langa la kafukufuku, lomwe lili ndi masamba ochuluka m'Chingerezi cholimba, ndikulifupikitsa kukhala timasamba tochepa ta Chichewa ndi timauthenga ta mawu toti munthu amve pa foni yake. Oyamba kulandira ndi mayi wa makapu a phala uja ndi anzake.

Inu amene mukuwerenga, ambiri ndinu achinyamata. Ena muli ndi mwana woyamba, ena ndinu amalume, azakhali, achimwene kapena achemwali a kamwana kena pakhomo. Simukufunika digiri. Mukamasambitsa mwana muzitchula ziwalo zake. Mukamasankha nyemba mupatseni zake asanje, zofiira uku zoyera uku. Mu minibasi muzimuonetsa zomwe zikudutsa n'kumufunsa kuti waona chiyani. Akafunsa "chifukwa chiyani" kakhumi, yankhani momwe mungathere. Mukamusimbira nthano, imani pakati mumufunse kuti Kalulu achita chiyani tsopano.

Abambo achinyamata, izi si za amayi okha. Galimoto yamawaya ndi mpira wachikulunga mumatha kupanga. Mphindi 15 pansi ndi mwana wanu tsiku lililonse sizichotsa ubambo wa munthu.

Mukamasankha nazale, musathere pa penti wa mpanda ndi yunifolomu. Pemphani kulowa m'kalasi muone. Kodi ana akulankhula, kapena akulankhula ndi anti okha? Pali zinthu zoti agwire ndi kusewera nazo? Mwana akalakwitsa amatani naye? Pali madzi osamba m'manja ndi chimbudzi chaukhondo? Ngati pakona pali ndodo, tulukani.

Ndipo ngati kumudzi kwanu kuli sukulu ya mkombaphala, mukapita pa tchuthi mukaione. Thumba la ufa wa soya, sopo, makatoni akale oti ajambulepo zithunzi, ngakhale kungomuthokoza mleziyo pamaso pa anthu, zonsezi zimapita kutali. Akuluakulu sadalakwe pomwe adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana ali pamphasa lerowa ndi amene adzatibaye jakisoni ndi kutiyendetsa m'basi tikadzakalamba.

Mukafika pamapeto pano, ikani kaye foniyo pansi. Mufunseni mwana amene ali pafupi nanu kuti wasewera chiyani lero, kenaka mudikire ayankhe mpaka amalize.